Tsiku limene Che Sidiki anaika masamba pamsewu

Nkhaniyi ndinaimva mu minibasi yochokera ku Limbe, ndili pampando wachitatu, thumba la kaunjika pamiyendo. Amayi awiri kumbuyo kwanga amalankhula motsitsa mawu, koma makutu angawa samva za injini. Wina akuti mitengo ija ya mumsewu wotsikira kukamtsinje ku Chitawira ikudulidwa yonse. Mnzakeyo akuti chifukwa chiyani? Akuti bwana wina wa kukhonsolo anaimika galimoto yake yatsopano pansi pake popita kukaona chibwenzi, ndiye potuluka anapeza akakowa aiyeretsa ndi zitosi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, basi analumbira kuti mbalame zimenezi ziona.

Ndinatsala pang'ono kutembenuka kuti ndiwauze kuti msewu umenewo ndi wathu, ndipo ngati kuli chibwenzi choterocho ine ndikanachidziwa kale. Koma ndinadzigwira. Mtima wina unati bodza ili, anthu a mu Blantyre timakonda kuthira mchere nkhani. Mtima wina unati kaya, m'tauni muno zinthu zimagwetsedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa. Mpaka lero sindikudziwa choona. Chimene ndikudziwa ndi chakuti nditangotsika pasiteji ndinaganiza za Che Sidiki.

Che Sidiki ndi aneba athu, nyumba yomaliza kumunsi kwenikweni, pamene msewu umathera pakamtsinje. Ndi bambo wamfupi, woonda, wa kandevu koyera, kachipewa ka kumzikiti sikachoka kumutu. Kwawo ndi ku Chiradzulu, koma anabwera m'tauni ali mnyamata, n'kupeza ntchito ya m'maluwa ku Sunnyside, kunyumba ya a Hasmukh, mmwenye amene anali ndi golosale yaikulu ku Limbe. Amafotokoza okha kuti anafika kumeneko ndi legeni m'thumba, chifukwa kwawo mbalame ndi ndiwo. Tsiku lachiwiri anagenda njiwa. Mayi ake a Hasmukh, gogo wa sari yoyera, nsalu ya amayi achimwenye ija, anawalanda legeniyo, osawakalipira, n'kuwapatsa mbale ya mapira kuti m'mawa uliwonse aziwazira mbalame kuseri kwa khitchini. Akuti poyamba ankaona ngati misala, kudyetsa ndiwo m'malo moti ndiwo zikudyetse iwe. Koma zaka makumi atatu ndi zambiri. Anachoka kumeneko akudziwa mbalame iliyonse ndi kulira kwake, ngati mmene ine ndimadziwira mawu a aliyense wodutsa kuseri kwa mpanda wanga.

Mitengo ya mumsewu wathu anabzala ndi iwowo. Ine ndinakwatiwira kuno ndikuipeza ikundilekeza m'mapewa. Ankatola mbewu za mbawa ku Sunnyside, kuzifesa m'timapepala ta shuga, zikamera n'kumabwera nazo panjinga, ziwiriziwiri. Anabzala khumi ndi inayi. Mbuzi zinadya, ana anathyola, wina anagunda ndi galimoto ataledzera, inatsala isanu ndi inayi. Kumunsi kunali kale mkuyu waukulu umene palibe akudziwa anaubzala. Mitengo khumi, basi, koma mukabwera mwezi wa Okotobala kuchokera kumsewu waukulu kuja, mumamva ngati mwalowa m'tchalitchi, kuziziritsa kwake.

Nyumba ya ku Sunnyside ija inagulitsidwa, anaisandutsa maofesi, ndipo pamene panali maluwa anayalapo njerwa zoimikapo magalimoto. Che Sidiki anapitako kamodzi kokha kukaona. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali mitengo yathuyi. Palibe anawalemba. Amadzuka, kusesa, kuthirira, kuthena, kukalipira ana a malegeni, kenako kukhala pakampando pansi pa mkuyu n'kumayang'ana m'mwamba ngati munthu woonera mpira.

Munali zambiri m'mitengomo, abale. Agologolo, atimba, njiwa, mileme ya zipatso nthawi ya nkhuyu, changa mmodzi amene anatilira chaka chathunthu. Kale kunkadutsa ngakhale apusi, koma amenewo tinasiya kuwaona mapiri atayamba kuyera. Akakowa anabwera posachedwa, zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zapitazo. Che Sidiki akuti akakowawa anathawa kwina kumene mitengo yawo inadulidwa. Anafika ochepa, chaka chotsatira anabwera ndi abale awo onse, ngati anthu akumudzi akamva kuti mwapeza nyumba m'tauni. Nthawi ya mvula amamanga zisa nthambi iliyonse, ndipo madzulo mitengo imachita mbuu ngati wayanikapo matewera.

Ndisanameko, akakowa amanunkha. Amasokosa, amadetsa zovala pachingwe, ndipo ukamapita ku Misa umayenda chapakati pamsewu, mpango uli kumutu. Mayi Dorothy, amene amasunga mapoto akuluakulu a maliro ndipo ndi iwo amayendetsa azimayife pakagwa zovuta, ankadandaula tsiku ndi tsiku.

"Che Sidiki, alendo anuwa mudzawauza liti kuti chimbudzi chili kumtsinje?"

"Ndawauza, mayi, koma Chinyanja samva. Ayesereni Chizungu inu ophunzira."

Ndiye m'mawa mwake mumawapeza akuwaza phulusa pakhomo pa mayi Dorothy kuti fungo lichepe, akusesa ndi tsache lawo lomwe.

Patangotha masiku atatu chimvereni nkhani ya mu minibasi ija, kunabwera anyamata awiri a maovololo ndi chitini cha penti yofiira. Mtengo uliwonse anaulemba mtanda. Yonse khumi. Nditawafunsa anati iwo angotumidwa, akuti akukulitsa ngalande ndi kuika magetsi a mumsewu, komanso mizu ikuphwanya phula. Phula lake liti? Msewu wathu phula linatha Tionge wanga ali kusukulu ya mkaka, pano ali ku koleji.

Umenewu unali mwezi wa Januwale, zisa zodzaza ndi anapiye. Che Sidiki anavala mkanjo wawo woyera ndi jekete pamwamba, ulendo ku maofesi a khonsolo. Anapita katatu. Ulendo woyamba anauzidwa kuti bwana ali kumsonkhano. Wachiwiri anawatumiza kuchipinda china, kumeneko n'kuwabwezera chipinda choyamba chija. Wachitatu anapeza mtsikana waulemu ndithu, anawapatsa mpando, n'kuwafotokozera kuti mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi ya khonsolo ngakhale anabzala ndi iwo, kuti chichitikireni namondwe uja anagwetsa nyumba ndi mitengo m'tauni muno anthu akuopa mitengo ikuluikulu, ndipo kuti adzabzala ina.

"Ndinamuuza kuti mwanangu, sindikukaniza," anandifotokozera atabwerako, atakhala pakhonde panga, nsapato atavula. "Mtengo ndi wanu, dulani. Koma dikirani masabata asanu ndi limodzi okha, anapiye auluke. Akauluka ndidzakugwirirani chingwe ndi ine ndemwe."

"Ndiye anati bwanji?"

"Akuti pafomu palibe malo olembapo za mbalame."

Anapempha mwana wa sukulu kuti awalembere kalata, n'kuyenda nayo khomo ndi khomo. Tinasaina anthu asanu ndi awiri, ine ndinali woyamba. Mayi Dorothy anakana, koma anati sangatsekereze anzawo. Tonse osainafe tinalonjeza kuti tsiku lodula likafika tidzaima pansi pa mitengo, aliyense wake, tione ngati angatigwetsere pamutu. Kulonjeza n'kosavuta ukakhala pamthunzi. Kalatayo anakaisiya, yankho silinabwere. Chimene chinabwera ndi uthenga wochokera kwa mmodzi wa anyamata a penti aja, amene anawamvera chisoni, kuti lole ibwera Lachiwiri m'mawa.

Apa ndiyenera kukuuzani za akazi awo, Abiti Wahab. Mayi wachete, wa matenda a shuga, amene mu Disembala anagonekedwa m'chipatala masabata awiri mpaka tonse tinayamba kunong'onezana. Ana awo anamwazikana, wapafupi ndi Asiyatu amene anakwatiwa ku Chinyonga. M'nyumbamo amakhala awiriwiri. Lachiwiri limenelo Abiti anali ndi tsiku lokatenga mankhwala, ndiye anatuluka kusanache bwino kuti akapeze mzere usanatalike. Palibe anawaona akupita, ngakhale ine, ndipo foni sayenda nayo.

Ine ndikutsegula geti cha m'ma sikisi, ndingoona masamba pamsewu. Nthambi zaziwisi zitayalidwa modutsa, mzere wina kumtunda pafupi ndi pokhotera, mzere wina kumunsi kupitirira pang'ono nyumba ya Che Sidiki. Aliyense wokulira m'dziko muno amadziwa tanthauzo lake. Masamba pamsewu ndi maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wailesi imazimitsidwa. Ndinayang'ana kumunsi, ndikuona Che Sidiki ali pakhonde okha, mutu uli pansi, chitseko chili chotseka. Ndinati Abiti apita.

Ndivomere pano, amene anathamanga kukagogoda kwa mayi Dorothy ndine. Amene anaimbira Asiyatu ku Chinyonga ndine ndemwe. Sindinafunse munthu. Ufunsanso chiyani masamba ali pamsewu? Ndiponso anzathu achisilamu sachedwa, amaika tsiku lomwelo, ndiye aliyense anachita changu. Isanakwane seveni azimayi tinali titadzaza pabwalo, zitenje m'chiuno, mapoto akutsitsidwa pawilibala. Azibambo anakhala mbali yawo pansi pa mkuyu. Ena anapita kukauza a shehe kumzikiti. Amene amayenera kupita ku ntchito anaimba mafoni kupepesa.

Mayi Dorothy anagwada pafupi ndi Che Sidiki. "Pepani, bambo. Zachitika nthawi yanji?"

Iwo anangopukusa mutu, osadzutsa nkhope.

"Tatsegulani tikakhale naye mnzathu, asakhale yekha m'nyumba."

"Dikirani pang'ono, mayi." Mawu awo ngati akutuluka m'botolo.

Tinati ndi chisoni, munthu wasokonezeka. Asiyatu anafika pa kabaza akulira kuchokera kumtunda, kudzigwetsa pakhonde, kuitana amayi ake. Che Sidiki anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma nthawi yomweyo kumtunda kunamveka lole.

Inaima pa masamba oyamba aja. Kumbuyo kunali amuna asanu ndi mmodzi, makina ochekera mitengo, zingwe, zigubu za petulo. Kapitawo wawo, bambo wonenepa wa chipewa cholimba chachikasu, anatsika, kuvula chipewacho, n'kuyenda wapansi mpaka pamene panali azibambo. Anakhala pansi kaye pang'ono monga mwa mwambo, kenako anati, "Pepani ndi zovutazi. Ife tinabwera ndi ntchito, koma sitingalize makina anthu akulira. Tibwera tsiku lina." Anagwira chanza Che Sidiki ndi manja awiri. Lole inabwerera chambuyo pang'onopang'ono, osaliza ngakhale hutala.

Ndiye zinatheka, mwaona. Zimene kalata ndi maulendo atatu zinalephera, masamba anachita pa mphindi zisanu.

Che Sidiki anaimirira, kugwira mzati wa khonde. Koma asanatulutse mawu, kumtunda kunamveka kulira kwina. Abiti Wahab. Atsika minibasi ndi kajumbo kawo ka mankhwala ndi ambulera, aona masamba, aona khamu pakhomo pawo, basi anadziwa kuti amuna awo afa iwo ali pamzere kuchipatala. Anataya ambulera, manja kumutu, kuthamanga chotsimphina akufuula dzina la amuna awo.

Zimene zinachitika pabwalo paja sindidzaiwala. Azimayi kuona malemu akubwera chothamanga, wina analumpha mapoto, wina anagwera m'ngalande, mayi wina wa kwaya anangoti Yesu Yesu Yesu ali chogwada. Asiyatu anakomoka. Ine ndinapezeka ndagwira mwendo wa a shehe amene anali atangofika kumene, mpaka lero ndikakumana nawo ndimayang'ana kumbali. Mukhoza kuseka, nanenso pena ndimaseka ndili ndekha. Koma kuseka kunatha pamene Abiti anaima pakati pa bwalo, akupuma movutika, n'kuona amuna awo ali chilili pakhonde, amoyo.

"Wamwalira ndani?"

Maso onse anapita pakhonde.

"Ndikufunsa, wamwalira ndani pakhomo panga?"

"Palibe," anatero Che Sidiki. "Masambawo ndaika ndine. Ndimafuna lole ibwerere."

Abiti anawayandikira. Mayi amene zaka zonsezi sindinamumvepo akukweza mawu, ndipo makoma athu ndi opyapyala.

"Ndiye mwandipha ine kuti mbalame zikhale."

"Sindinatchule dzina la munthu, Abiti."

"M'nyumba muno tilimo angati?"



Mayi Dorothy ndi amene anaphulika. Anati zaka makumi awiri akunyamula mapoto pamaliro sanaonepo malodza otere, munthu wamkulu wa imvi kusewera ndi imfa, kuiitanira pakhomo pomwe pali wodwala. Anati mawa kukagwa maliro enieni mumsewu uno anthu adzayamba afunsa kaye ngati si za akakowa. A shehe sanakalipe, anangoti, "Sidiki, tikambirana," koma mmene ananenera bola akanakalipa. Azibambo anadzuka mmodzimmodzi, kukutumula mathalauza. Wina amene anasaina kalata ija anati dzina lake alifufute. Anyamata anakankhira masamba aja m'ngalande ndi mapazi. Pofika masana Asiyatu anali atalongedza zovala za amayi ake, ndipo anapita nawo ku Chinyonga. Abiti sanatsanzike.

Cha m'ma folo ndinawapititsira tiyi ndi mbatata, chifukwa ndinadziwa kuti sanadye, komanso chifukwa mlandu wina unali wanga, ine wothamanga ndi nkhani. Ndinawapeza pansi pa mkuyu.

"Koma Che Sidiki, munaganiza bwanji? Bwanji osandinong'oneza ine?"

"Ndikanakuuzani inu, amake Tionge, lole ikanamva isananyamuke."

Zinandiwawa, koma sananame.

"Ndimaganiza kuti ndiika masamba, lole iona, ibwerera, ine ndichotsa masambawo anthu asanadzuke bwino. Sindinaganize za mapoto. Ndiye mutadzaza pabwalo ndinati ndikalankhula tsopano, lole ipeza anthu akubalalika. Ndinati ndipirire pang'ono. Mwana wanga akulira amayi ake pamapazi anga, ine ndikumvetsera injini." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Nthambizo ndinathyola mumbawa wanga uwo. Sindinayambe ndauthyolapo nthambi yaiwisi."

"Nanga tsopano?"

"Ndapeza tsiku limodzi. Ndimafuna makumi anayi. Mawa ndiika chiyani pamsewu?"

M'mwamba akakowa anali akubwerera, akutsika m'magulu, anapiye akulira ndi njala. Tiyi anazizira osamwedwa.

Lachitatu lole inafika seveni isanakwane. Nkhani inali itawapeza kale, monga mudziwa Blantyre ndi kamudzi. Kapitawo uja sanavule chipewa. Che Sidiki anali ataima kale patsinde pa mbawa woyamba, mkanjo woyera, manja kumbuyo. Ndinayang'ana mageti a anzanga osaina aja, onse otseka. Langa nalonso linali lotseka. Ndinali pazenera, katani nditaikoka pang'ono. Ndinadziuza kuti wina akatuluka nanenso ndituluka. Ndikhulupirira kuti onse ankadziuza zomwezo. Kuima pambali pa Che Sidiki tsiku limenelo kunali ngati kuvomereza kuti zadzulo zija zinali bwino, ndipo palibe amafuna kuti mayi Dorothy amuone.

"Madala, dzulo munatipusitsa, ine mpaka ndinakupepesani," anatero kapitawo. "Lero tiloleni tigwire ntchito. Nafenso tili ndi mabwana."

"Masabata asanu ndi limodzi okha, bwana."

"Ine si bwana. Bwana ali ku ofesi."

Sanawakankhe, ndisawanamizire. Anyamata awiri anawagwira mikono mwaulemu n'kuwakhazika pakhonde pawo ngati akukhazika agogo awo. Kenako makina analira.

Mtengo wa zaka makumi atatu umagwa msanga, abale, sindinkadziwa. Woyamba utagwa, akakowa anauluka onse pamodzi, kumwamba kunayera, phokoso lake kuposa makina. Pansi panali zisa, mazira osweka, anapiye a nthenga zochepa akuyenda chogwa m'matope. Agalu a mumsewu monse anabwera. Akhwangwala anatera pamawaya kudikira. Gologolo mmodzi anathamanga kuchoka mtengo wachiwiri kupita wachitatu, wachitatu utagwa anapita wachinayi, mpaka ndinasiya kumuyang'ana. Mkuyu unawavuta, anamaliza nawo dzuwa litapendeka. Mathunthu akuluakulu anakweza mulole. Nthambi anati anthu atole.

Mageti anatseguka apo. Azimayi anatuluka ndi zikwanje, nkhwangwa, mawilibala, mpaka kukanganirana. Makala akudula, magetsi akuzimazima, nkhuni za mbawa zaulere pakhomo, ndani angazisiye? Nanenso ndinatuluka. Ndinatuta mitolo itatu, ndikuyenda chozemba kuti ndisadutse pakhomo pawo.

Koma anandiona. Anali akuyenda pakati pa nthambi ndi beseni lochapira la Abiti, akutola anapiye amene agalu sanawapeze. Anabwera pomwe ndinali, mtolo uli pamutu panga, thukuta lili chuchuchu chifukwa dzuwa linali likuwomba paliponse mumsewu. Ndinafuna nthaka indimeze. Iwo sanayang'ane n'komwe nkhunizo.

"Amake Tionge, muli ndi bonya pang'ono? Timeneti timadya tizilombo, koma mwina tinsomba tonyowetsa tingalandire."

Ndinatsitsa mtolo, kukatenga bonya yense amene ndinali naye. Tinakhala pakhonde pawo awiri, tikunyowetsa m'kapu, tikutsegula timilomo ndi zala. M'beseni munali anapiye khumi ndi mmodzi. Ena amameza, ena amangotseka maso. Makolo awo anali akuzungulira m'mwamba pamene panali mitengo, kutera pamadenga, kuulukanso, osayandikira beseni. Mmene ndimadzuka kuti ndikaphike anali atatsala anayi, ndipo Che Sidiki anandifunsa ngati ndingawaimbire Asiyatu, angomva ngati amayi ake amwa mankhwala. Ndinaimba kawiri. Foni inaitana, sanayankhe.